Mawu atatu a ku Ogimachi

Alamu anga atabwerako ku maphunziro ku Japan, zithunzi zawo tinaonera pakhonde kuno ku Chitawira. Loweruka lina mu Januwale kalasi yawo yonse inakwera basi ku Takayama kupita ku Ogimachi, mudzi wa ku Shirakawa-go umene UNESCO inaulemba m'kaundula wa malo ofunika kusungidwa mu 1995. Nyumba zake n'zamatabwa, madenga audzu osongoka ngati manja a munthu wopemphera, chipale chofewa chili mbuu ponseponse. Ana pakhondepo anatengeka ndi chipalecho. Ine anandigwira mtima ndi mawu atatu amene wowaperekeza anawatchula, alamuwo n'kulemba m'kope: uranai, kasanai, kowasanai. Limeneli ndi pangano la eni mudzi la mu 1971: sitigulitsa, sitichititsa lendi, sitigumula.

Onse atatu akuthera ndi nai, kachidutswa kokanira m'Chijapani. Si chiletso cholozera munthu wina, chija timati "musagulitse". Ndi mwini wake akunena zimene sachita. Kuno tinazolowera zikwangwani zoopseza, "Osataya zinyalala pano", "Malo ano sakugulitsidwa", zolembera wodutsa m'njira. Mawu a ku Ogimachi akulankhula ndi a m'nyumba momwemo. Mlendo wa pa basi satchulidwa n'komwe.

Loyamba ndi lomaliza savuta kumva. Damu la Miboro pa mtsinje wa Sho, lomalizidwa mu 1961, linamiza midzi, ndipo m'zaka zimenezo nyumba zambiri zoterezi zinkaphwasulidwa, zina n'kugulitsidwa kukamangidwanso kumizinda ngati malo odyera. Anthu amene anaona zimenezo ndi maso sakanalephera kunena kuti sitigulitsa, sitigumula.

Lapakatilo ndi limene landisowetsa tulo. Wochititsa lendi sataya nyumba. Imakhalabe yake, ndalama n'kumalowa mwezi ndi mwezi. Mu Chitawira muno, monganso ku Zingwangwa ndi ku Ndirande, kanyumba ka kuseri n'kamene kamalipirira ana fizi, kamagulira mayi wamasiye ufa ndi mayunitsi a magetsi. Kumuuza mayi ameneyo kuti asaike munthu wa lendi n'kumulanda mbale m'manja. Nanga a ku Ogimachi analiikiranji pakati pa kugulitsa ndi kugumula, ngati kuti kulemera kwake n'kofanana?

Yankho ndikuliona pa denga. Udzu uja ukatha, pakapita zaka makumi angapo, mwambo wawo ndi wakuti mudzi wonse umabwera kudzafolera, pa nyumba yaikulu anthu oposa 100, ena pamwamba, ena akuponya mitolo. Amati yui, ife timati dima. Ndi ngongole ya thukuta, yobwezedwa mwina ndi mwana wako, tsiku limene denga la mnzako lidzafune manja. Wa lendi salowa m'ngongole yotere, pakuti chaka chamawa akhoza kusamuka. Inenso ndakhalapo pa lendi zaka zambiri, ndipo malata akadontha ndinkatchera beseni n'kuimbira alandilodi. Sindinakwerepo.

Alendo sanawakanize ayi. Nyumba zina zimagoneka alendo, koma woyala mphasa ndi mwini nyumba yemwe, amene amagona momwemo.

Pa chithunzi chomaliza alamu anga aima ndi anzawo, zipewa mpaka m'makutu, akumwetulira. Kumbuyo kwawo, pamwamba pa kanyumba kosungiramo katundu, pali bambo wachikulire ndi fosholo, akugwetsa chipale kuti denga lisalemedwe. Wafulatira kamera.