Ulalo wa Roseman ndi filimu imene inaucukitsa

Bukhu la Robert James Waller la 1992, The Bridges of Madison County, ndi filimu yake ya 1995 zinacukitsa ulalo wa mitengo wa Roseman, umene uli kumidzi ya ku Iowa, ku America, pafupi ndi Winterset. Nkhani yake njaifupi. M'caka ca 1965 Francesca, mkazi wa mlimi, atsala yekha pakhomo masiku anayi, ndipo akondana ndi mlendo wojambula zithunzi za maulalo. Pamapeto sathawa naye, akhala ndi banja lake. Ena a mu mpingo amangoti ndi filimu ya cigololo, basi. Ifenso sitiyamikira cibwenzico, koma dandaulo lathu lili pena.

Clint Eastwood anausandutsa ulalowo malo ongokumanirana anthu awiri. Mafelemu okongola alipo, eetu, koma woonera atuluka osadziwa cifukwa cace ulalo uli ndi denga ngati nyumba. Anaumanga mu 1883 pa mtsinje wa Middle River, utali wake kupitirira pang'ono mamita 30. Cimene cinyamula katundu ndi matabwa opingasana a m'zipupa zace, ndipo denga ndilo liwachinjiriza ku mvula ndi cipale kuti asaole. Aliyense amene anafolerapo nkhokwe angamve msanga nzeru imeneyi. M'deralo munali maulalo 19 otere, lero atsala 6. Umodzi wa iwo, wa Cedar, anthu anautentha dala mu 2002, naumanganso mu 2004, nautenthanso mu 2017. Amisiri amene anasema mitengoyo, ndi alimi amene ankaolokapo ndi ngolo, filimu ilibe nawo mau.

Pali gawo limodzi limene tiligwadira. Ana a Francesca adziwa mayi wao weniweni iye atamwalira, powerenga makope amene analemba ndi dzanja lace. Meryl Streep aseweramo modekha, ndipo kulira kwa anawo sikoumiriza.

Inu abale otsogolera magulu ophunzira kuwerenga, filimu yonseyi siyoti muonetse pa gulu. Koma mbali ya makopeyo mukhoza kuifotokoza pakamwa, kenaka mupemphe ophunzira alembe mizere isanu ya ulalo kapena dooko la kwao: anamanga ndani, ndi mitengo yanji, ndipo unagwa caka citi.