Ntchito ya Malo m'Nkhani: Chipululu m'Buku la The Grapes of Wrath

Ophunzira ambiri akafunsidwa za malo m'nkhani yopeka amangondandalika mayina a midzi ndi mitsinje. Yankho lotere silipata malikisi ambiri. Ofunsa mayeso amafuna kuti muonetse zomwe malowo akuchita kwa ampangankhani. Tiyeni titengere chitsanzo pa buku la John Steinbeck la ku America lotchedwa The Grapes of Wrath, lomwe lidatuluka mu 1939.

M'bukuli banja la a Joad lathamangitsidwa pamunda ku Oklahoma chifukwa cha chilala ndi ngongole. Anthu 13 aunjikana pa chigalimoto chakutha cha Hudson, ulendo wa ku California kudzera mumsewu wa Route 66. Njirayi ikudutsa m'malo omwe mabanja opeza bwino amakacheza patchuthi: Painted Desert ku Arizona, mtsinje wa Colorado ndi chipululu cha Mojave.

Onani chomwe mlembi wachita. Painted Desert, dera la miyala ya mawangamawanga, walitchula mongodutsa, ndipo nthawi yomweyo mlonda wa pamalire akuimitsa galimoto. Munthu amene akuwerengera mafuta ndi tindalama totsala alibe maso oonera kukongola. Choncho kufupika kwa kafotokozedweka kukutiuza za umphawi wa banjali.

Pomwe mlembi wachedwapo ndi pa Mojave. Banjali likudikira usiku chifukwa masana kutentha kungaphe anthu ndi injini yomwe. Agogo aakazi akumwalira m'njira. Ma Joad, mayi wa banjali, akugona pambali pa mtembo usiku wonse osauza aliyense. Oyendera katundu atawaimitsa ku Daggett, mayiyu akunama kuti gogoyo wadwalika ndipo akufunika dokotala. Akuulula za malirowo m'mawa, onse ataona chigwa chobiriwira cha California. Apa chipululu chaulula mtsogoleri weniweni wa banja: si bambo ayi, koma mayi. Paja amati wamkulu sauzidwa, amaoneka ndi ntchito zake.

Komabe bukuli lili ndi pofooka. Noah, mwana woyamba, akusiya banja pa mtsinje wa Colorado, mlembi asanatipatse mpata womudziwa bwino. Kuchoka kwake sikutikhudza mtima ngati imfa ya agogo. Musaope kutchula chofooka chotere pamayeso, bola mupereke umboni.

Mukamawerenga mabuku anu a Chichewa, dzifunseni mafunso atatu. Kodi mlembi wachedwa pamalo ati, nanga wathamanga pati? Malowo alanda chiyani kwa ampangankhani? Aulula khalidwe la yani?

Ntchito: Sankhani nkhani imodzi yokhala ndi ulendo mwa zomwe mwawerenga m'kalasi. Fotokozani m'ndime ziwiri momwe malo asinthira mpangankhani mmodzi, ndipo mfundo iliyonse ikhale ndi chitsanzo chochokera m'nkhaniyo.