Dzina la pa boneti ndi injini ya pansi pake

Magazini a zamagalimoto akafuna kuyerekeza magalimoto a liwiro amakonda kugawa nkhani patatu. Amayamba ndi mtengo, kuti wogula akupeza chiyani pa ndalama zake. Kenaka amanena za kulimba, kuti galimotoyo iyenda zaka zingati isanayambe kugona kugalaja. Pomaliza amanena za dzina, ulemu umene mwini wake amalandira akaiimika pagulu. Akatero amagawa malikisi ngati mphunzitsi, n'kuwonkhetsa, n'kulengeza wopambana. Ndawerenga zoyerekeza zotere zambirimbiri, ndipo chimene ndimatsutsana nazo ndi chimodzi. Zimachita ngati zinthu zitatuzi zingapimidwe chilichonse pachokha, chonsecho dzina limalowerera pa ziwiri zinazo. Dzina ndi limene limakweza mtengo, ndipo dzina lomwelo limatiuza kuti galimoto ndi yolimba tisanatsegule n'komwe boneti. Ndionetsa zimenezi ndi magalimoto angapo amene okonda liwiro a m'chigawo chathu chino amawadziwa.

Ndiyambe ndi Toyota Supra, poti mphamvu ya dzina imaonekera poyera pa galimoto imeneyi. Supra yakale, imene inapangidwa kuyambira 1993 mpaka 2002, inali ndi injini yotchedwa 2JZ, ya malita atatu ndi masilinda asanu ndi imodzi ondondozana. Amakaniko okonda kuwonjezera mphamvu za injini anapeza kuti imapirira mphamvu zowirikiza kawiri zimene inatuluka nazo kufakitale, osasweka. Filimu ya The Fast and the Furious ya mu 2001 inafalitsa mbiriyo dziko lonse. Koma kampani ya Toyota itaukitsa dzinali mu 2019, galimoto yatsopanoyo inali yopangidwa mogwirizana ndi BMW. Inamangidwa ku Graz m'dziko la Austria, m'fakitale ya Magna Steyr, pamodzi ndi BMW Z4. Injini yake yaikulu ndi B58 ya BMW, giyabokosi yosintha yokha ndi ya kampani ya ZF ya ku Germany, ndipo ngakhale mabatani ambiri a m'kati ndi a BMW.

Tsopano funsani anthu pamalo ogulitsira magalimoto kuti pakati pa Supra ndi Z4 yolimba ndi iti. Ambiri sachedwa kuyankha kuti ndi Toyota, ati Toyota siifa pamene BMW imadya ndalama. Komatu mtima wa magalimoto awiriwa ndi umodzi. Inde kusiyana kulipo: Supra ili ndi denga lokhazikika pamene la Z4 ndi lansalu lotseguka, ndipo akatswiri a Toyota anakonza masipulingi ndi chiwongolero mwa njira yawo. Koma injini ikadwala, matenda ake ndi amodzi ndipo mankhwala ake ndi amodzi. Chimodzimodzinso Toyota 86, imene inatuluka mu 2012. Inamangidwa ndi kampani ya Subaru ku Gunma m'dziko la Japan, injini yake ndi ya masilinda ogona chammbali monga mwa chikhalidwe cha Subaru, ndipo mapasa ake ndi Subaru BRZ. Mbiri ya kulimba imene Toyota ili nayo kwathu kuno inamangidwa ndi Corolla, Hilux ndi minibasi za Hiace, zimene zimasenza katundu wopyola muyeso tsiku ndi tsiku. Magalimoto awiri a liwirowa amangodyera mbiri imeneyo, monga mwana wa mfumu amadyera dzina la bambo ake. Wolemba amene amaipatsa Supra malikisi ambiri a kulimba kuposa Z4 wapima chizindikiro cha pa boneti, injini sanaione.

Nanga dzinalo limachokera kuti? Makampani amafuna tizikhulupirira kuti amalipanga okha kudzera m'mipikisano ndi m'zotsatsa malonda. Nkhani ya BMW ku South Africa imanena zina. Fakitale ya BMW ya ku Rosslyn, pafupi ndi Pretoria, inali yoyamba ya kampaniyi kunja kwa Germany. M'zaka za m'ma 1980, galimoto ya liwiro ya M3 ya mtundu wa E30 inkapangidwa ndi chiwongolero cha kumanzere basi, choncho siinagulitsidwe ku South Africa, kumene magalimoto amayenda kumanzere kwa msewu ngati kwathu. A ku Rosslyn anadzipangira zawo. Anayamba ndi 333i, kenaka mu 1990 anatulutsa 325iS, imene injini yake anaikulitsa kufika malita 2.7 kuti ikapikisane pa mijaha ya magalimoto ya m'dzikomo.

Kampani inalekera pamenepo. Zotsalazo anachita ndi anthu a ku Soweto ndi makomboni ena, amene anaipatsa E30 dzina loti gusheshe. Popeza imakankha ndi matayala akumbuyo ndipo ndi yopepuka, inakhala galimoto ya masewero ozunguza galimoto pamalo amodzi, utsi wa matayala uli tolotolo, woyendetsa nthawi zina n'kutuluka galimoto ikuzungulirabe. Masewerowa anayamba ndi mbiri yoipa, yokhudzana ndi zigawenga ndi maliro awo, koma lero ndi masewero ovomerezeka, ochitikira m'mabwalo, ndipo akazi nawonso amapikisana. Amati tsabola wakale sawawa, koma uyu akuwawabe: 325iS yosamalidwa bwino lero imagulidwa pa mtengo woposa wa magalimoto ambiri atsopano amene angaisiye kutali pa liwiro. Mu 2020 BMW ya ku South Africa inatulutsa galimoto yotchedwa 330is Edition pokumbukira gusheshe. Inali ya zitseko zinayi, masilinda anayi, magiya osintha okha. Chimene inatengera kwa kholo lakelo ndi zilembo ziwiri zakumapeto. Apa kampani inali kugulitsa kwa anthu dzina limene anthuwo anapanga okha, ndipo magazini amene amalemba kuti ulemu wa BMW ndi chipatso cha ukatswiri wa ku Munich amasiya theka la nkhani.

Volkswagen Golf GTI ili ndi mbiri yofanana. Inabadwa mu 1976 ndi maganizo osavuta: tengani galimoto ya banja yaing'ono, muipatse injini yamphamvu, munthu wamba alawe liwiro popanda kugulitsa nyumba. Pa mtengo, maganizo amenewa sanagonjepo. Galimoto imodzi yomweyo imapititsa ana kusukulu, imanyamula matumba a ufa, ndipo Loweruka imasangalatsa mwini wake. Ku South Africa anthu anaipatsa dzina loti vrr-pha, kutsanzira kulira kwake pamene giyabokosi ya DSG ikusintha giya. Chikondicho n'chachikulu moti Golf ya m'badwo wachisanu ndi chitatu itafika m'dzikomo mu 2021, inayamba kugulitsidwa ngati GTI, mitundu wamba kulibe.

Koma phokoso limene linaipatsa dzinalo limatuluka m'chipangizo chimene chimafuna chisamaliro chachikulu. Giyabokosi ya DSG ili ndi makilatchi awiri oyendetsedwa ndi kompyuta, ndipo mtundu umene uli mu GTI zambiri umafuna oyilo wakewake wosinthidwa pa makilomita 60,000 aliwonse. Injini ya EA888 imadziwika ndi kudontha madzi pa pampu, ndipo ya mibadwo yoyambirira inkavuta pa chokokera tcheni cha injini. Ku Johannesburg zimenezi ndi nkhani yaing'ono, poti masipeyala ali paliponse ndipo amakaniko odziwa GTI ndi osawerengeka. Galimoto yomweyo ikawoloka malire n'kufika ku Mzuzu kapena ku Chipata, kachipangizo kamodzi kakhoza kuigoneka mwezi wathunthu, mwini wake akusaka ndalama zakunja ndi munthu wobwera nako pa basi kuchokera ku Joni. Galimotoyo siinasinthe, chasintha ndi malo. N'chifukwa chake ndimakana malikisi a kulimba olembedwa ku London kapena ku Cape Town ngati kuti ndi oona paliponse. Theka la kulimba kwa galimoto lili m'chitsulo, theka linalo lili m'manja mwa makaniko amene ali pafupi nanu ndi m'mashelefu a wogulitsa masipeyala.

Subaru Impreza WRX ndiyo imaonetsa mtengo wa kusamvetsa zimenezi. Dzina lake inalipeza moyenera. Colin McRae anakhala katswiri wa dziko lonse pa mijaha ya m'misewu yafumbi mu 1995 akuyendetsa Impreza, kampani ya Subaru inatenga chikho cha opanga magalimoto mu 1995, 1996 ndi 1997, ndipo McRae yemweyo anapambana Safari Rally ku Kenya mu 1997. Munthu akaona galimoto yokoka ndi matayala onse anayi imene inagonjetsa misewu ya ku Kenya, amaganiza kuti maenje a mu msewu wa M1 ndi masewera kwa iyo. Amaiwala kuti galimoto ya mpikisano inkakonzedwa ndi gulu la amakaniko tsiku lililonse la mpikisanowo.

WRX imene imafika ku Malawi kapena ku Zambia nthawi zambiri ndi yogwiritsidwa kale ntchito ku Japan, yodzera padoko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe kapena pa Nakonde. Pa chithunzi cha pa intaneti mtengo wake umaoneka wotsika poyerekeza ndi mphamvu zake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Injini yake ya turbo inakonzedwera petulo wapamwamba wa ku Japan, ndipo ikamwa wofooka uku ikuthamangitsidwa imagogoda mpaka kuwononga mapisitoni. Lamba wa injini ya EJ amafuna kusinthidwa pa makilomita pafupifupi 100,000, ndipo akaduka mavavu amagundana ndi mapisitoni. Masilinda ogona chammbali amachititsa kuti ntchito zina zikuluzikulu zifune kutsitsa injini yonse. Tayala limodzi likaphulika pa dzenje, simungangoikapo lililonse la kaunjika, poti matayala osiyana kukula amawononga zida zogawira mphamvu ku mawilo anayi. Zonsezi sizitanthauza kuti WRX ndi galimoto yoipa. Ndi galimoto yabwino imene mtengo wake weniweni umayamba kuoneka ikatuluka pachipata cha msonkho.

Pali galimoto ina imene magazini akuluakulu saiika pa mndandanda wotere, koma kwa ine ndi mboni yofunika: Toyota Altezza, imene inagulitsidwa ku Japan kuyambira 1998 mpaka 2005. Mtundu wake wa RS200 uli ndi injini ya malita awiri imene akatswiri a Yamaha anathandiza kukonza, umakankha ndi matayala akumbuyo, ndipo ulipo wa magiya asanu ndi imodzi osintha ndi dzanja. Thupi lomwelo linagulitsidwa ku Ulaya ndi ku America ndi dzina loti Lexus IS. Kumeneko inali galimoto ya munthu wa muofesi wodzilemekeza. Kwathu kuno, ndi chizindikiro cha Toyota, ambiri amaiona ngati galimoto ya anyamata aphokoso. Komabe makaniko wa ku Biwi mu Lilongwe kapena wa ku Ndirande mu Blantyre akaitsegula boneti sachita mantha, poti ndi Toyota yeniyeni, ya m'banja la injini zimene wakhala akuzigwira. Pa ulemu imagonja kwa BMW, pa liwiro imagonja kwa WRX, koma mwa onsewa ndi imene ingathe chaka ikuyenda m'manja mwa munthu wa malipiro a pamwezi.

Sindikunena kuti dzina ndi utsi chabe. Dzina ndi ndalama zenizeni pa tsiku logulitsa galimoto, ndipo mwini gusheshe amene anaisunga zaka makumi atatu akhoza kutiseka tonse. Ulemunso ndi chinthu chimene anthu amachifuna, ndipo palibe chifukwa chochitira manyazi. Koma dzina lokondedwa limakopanso akuba, limakweza inshuwalansi, ndipo limachititsa kuti magalimoto otha ntchito azigulitsidwa pa mtengo wa abwino. Chachikulu n'chakuti limatseka maso. Munthu amene wasankha kale chizindikiro amawerenga zoyerekeza kuti apeze womuvomereza.

Kuyerekeza kwachilungamo kukanayamba ndi mafunso ena. Injiniyi anapanga ndani, ndipo ili m'magalimoto ena ati amene akuyenda m'tauni yanga? Chipangizo chimene chimafa kawirikawiri ndi chiti, chimachokera kuti, chimafika pa masiku angati? Imamwa petulo wotani, ndipo amene ali pa pampu yapafupi ndi yemweyo? Pansi pake pamadutsa hampu osakhula? Mafunso amenewa akayankhidwa, mndandanda umasintha malinga ndi mzinda. Ku Johannesburg ndingaike GTI patsogolo, poti kumeneko dzina lake, mtengo wake ndi amakaniko ake zimayendera limodzi. Ku Lilongwe ndingasankhe Altezza yosamalidwa bwino ndisanayang'ane WRX. Pakati pa Supra ndi Z4 ndingafunse ngati wogulayo akufuna denga lotseguka kapena ayi, poti pa kulimba palibe choti n'kusankhapo. Gusheshe ndingaichotse pa mpikisanowu, chifukwa amene amaigula lero akugula mbiri ya Soweto, ndipo imeneyo siipimidwa ndi masekondi a kuchoka pa 0 kufika pa makilomita 100 pa ola.