Kumanidwa Ndalama kwa Malaibulale ndi Tsogolo la Mabuku a m'Zilankhulo Zathu: Phunziro Lochokera ku Johannesburg

1. Mau Oyamba

Pa misonkhano ngati uno timakambirana kwambiri za kalembedwe ka mau, za malamulo a chilankhulo ndi za kuphunzitsa ana m'chilankhulo cha makolo awo. Nkhani zonsezi nzofunika, komabe kaŵirikaŵiri timaiŵala kufunsa kumene buku la m'chilankhulo chathu limapita likatuluka kwa osindikiza. Pepala lino likuunika zifukwa zimene osunga chuma cha boma amapereka akamachepetsa ndalama za malaibulale. Mfundo yake ndi imodzi: laibulale ikayamba kumanidwa ndalama, mabuku oyamba kufa ndi a m'zilankhulo za mu Africa, ndipo imfa yawo silembedwa m'kaundula aliyense.

2. Nkhani ya ku Johannesburg

Laibulale yaikulu ya mzinda wa Johannesburg inaloŵa m'nyumba imene ilimo leroyi m'chaka cha 1935. Kwa zaka pafupifupi 40 munthu wakuda sankaloledwa kuŵerengamo, kufikira m'chaka cha 1974 pamene zitseko zake zinatsegukira anthu a mitundu yonse. Muli mabuku oposa miliyoni imodzi, kuphatikizapo nkhokwe ya Harold Strange ya zolembedwa zokhudza Africa, ndi nyuzipepala zakale zimene ofufuza mbiri ya chigawo chino amadalira.

Nyumbayi inatsekedwa kuyambira 2009 mpaka 2012 kuti ikonzedwe, ndipo bungwe la Carnegie Corporation linathandizapo ndi ndalama. M'chaka cha 2020 inatsekedwanso chifukwa cha mliri wa Covid-19. Mliri utazilala, zitseko zinakhalabe zokhoma, ndipo akuluakulu a mzinda anati denga linkadontha, zipangizo zotetezera moto zinali zosakwanira. Mu 2024 mabungwe a nzika, monga Johannesburg Heritage Foundation, anachita zionetsero, ndipo laibulaleyi inatsegulidwanso mu 2025, poyamba gawo lina, pambuyo pake yonse.

Chofunika kuchiona apa nchakuti akuluakulu a mzinda sanalengeze kuti laibulale yathetsedwa, ankangoti ikukonzedwa. Koma mwana amene anayamba sukulu ya sekondale mu 2020 anatsiriza mu 2024 asanapondemo. Kwa mwana ameneyo, mau oti "ikukonzedwa" ndi mau oti "yathetsedwa" anali ndi tanthauzo limodzi.

Mavuto a malaibulale a ku South Africa ali ndi muzu wina m'malamulo. Malamulo aakulu a dzikolo a 1996 anapereka udindo wa malaibulale a anthu onse kwa maboma a zigawo, pamene kuyambira kale oyendetsa malaibulale ambiri anali makhonsolo a mizinda. Motero udindo uli kwina, nyumba ndi antchito zili kwina, ndipo aliyense amaloza mnzake. Mu 2007 boma lalikulu linakhazikitsa thumba lapadera lothandiza malaibulale a m'madera, limene linamanga nyumba zatsopano ndi kugula mabuku, koma funso la mwini udindo silinatheretu.

Wina angaganize kuti lamulo lomveka bwino likanathetsa vutoli. Zimene zinachitika ku Britain zikutichenjeza. Kumeneko lamulo la 1964 limakakamiza makhonsolo kuyendetsa malaibulale okwanira, komabe pakati pa 2010 ndi 2019 nthambi pafupifupi 800 zinatsekedwa, boma litachepetsa ndalama zopita ku makhonsolo. Lamulo lopanda thumba kumbuyo kwake siligula buku.

3. Kuunika Zifukwa Zimene Zimaperekedwa

Chifukwa choyamba chimene timamva nchakuti oŵerenga achepa. Mauŵa amabisa ndondomeko ya zinthu. Chuma chikachepa, choyamba kudulidwa ndi ndalama zogulira mabuku atsopano, popeza mabuku sadandaula ngati antchito. Kenaka wantchito akapuma salowedwa m'malo, maola otsegulira amachepa, ndipo munthu wochokera ku ntchito madzulo amapeza potseka. Oŵerenga akaona kuti m'mashelefu mulibe chatsopano amaleka kubwera. Pamenepo mpomwe akuluakulu amadzaŵerenga anthu oloŵa pakhomo, napeza kuti ngochepa. Chiŵerengero chimenechi ndi chipatso cha kudula ndalamako, ndipo nkulakwa kuchisandutsa chifukwa chake.

Chachiŵiri amati zonse zili pa intaneti ndipo aliyense ali ndi foni. Kwa woŵerenga Chingerezi mauŵa ali ndi choonadi pang'ono. Kwa woŵerenga Chicheŵa, Chishona kapena Chisutu, mabuku ambiri akale sanajambulidwe nkuikidwa pa makina, ndipo ngakhale ochepa amene alipo amafuna ndalama za data ndi magetsi. Ndiponso kwa anthu osauka a m'mizinda yambiri, laibulale yomweyo ndiyo malo opezerako kompyuta ndi intaneti yaulere.

Chachitatu ndicho cholemera koposa: amati chipatala, madzi ndi mseu ziyenera kutsogola. Palibe munthu wanzeru amene angatsutse kuti mankhwala ndi ofunika msanga kuposa buku. Komabe ndalama zimene zimapulumutsidwa posakonza denga la laibulale nzochepa, pamene zodzakonzera nyumba yoonongeka nzambiri. Akuluakulu anati chiswe chimaloŵa m'mphasa yongoimika. Mseu ukakumbika umakonzedwa, koma buku limene linatsala limodzi lokha likanyowa ndi mvula silibwereranso. Moto utapsereza laibulale ya Yunivesite ya Mzuzu mu 2015, ndiponso laibulale ya Jagger ku Yunivesite ya Cape Town mu 2021, anthu analira ndi kusonkha thandizo chifukwa anaona utsi. Chinyontho ndi fumbi zimagwira ntchito yomweyo mwakachetechete, popanda wolira.

4. Chifukwa Chake Mabuku Athu Ndiwo Amayamba Kufa

Buku la Chingerezi lili ndi msika m'maiko ambiri. Laibulale imodzi ikaleka kuligula, wosindikiza sazindikira nkomwe. Kuwonjezera apo, laibulale yosoŵa ndalama imadalira mabuku a mphatso ochokera kunja, ndipo pafupifupi onse amakhala a Chingerezi. Motero mashelefu amaoneka odzaza ndithu, mlendo nakhutira, koma mbali ya zilankhulo zathu yaima pamene inasiyidwa.

Buku la m'chilankhulo chathu lili ndi ogula aakulu aŵiri okha: sukulu ndi laibulale. Sukulu imagula mabuku ochepa amene asankhidwa kuti alembedwe pa mayeso. Laibulale ndiyo ingagule buku lolembera munthu wamkulu, ndakatulo zovuta kumva, kapena seŵero lofunsa mafunso amene mphunzitsi sangawabweretse m'kalasi. Wogula wachiŵiriyu akachoka, wosindikiza amalandira zokhazo zimene akuyembekeza kuti a mayeso adzazisankha, ndipo mlembi amaphunzira kulemba moyang'ana mwana wa sukulu. Ounika zolembedwa akhala akudandaula kwa nthaŵi yaitali kuti nkhani zambiri za m'zilankhulo zathu nzodzaza ndi malangizo, kuti woipa amalangidwa ndipo wabwino amadalitsidwa pa tsamba lotsiriza. Mlandu umenewu tauika kaŵirikaŵiri pa alembi, koma gawo lake lina lili kwa amene amagaŵa ndalama. Mlembi amalembera woŵerenga amene msika wamsiyira.

Boma la South Africa linazindikirapo zimenezi pamene, m'zaka za 2008 ndi 2009, linayamba kusindikizanso mabuku akale otchuka a m'zilankhulo za m'dzikolo kudzera mu laibulale ya dziko lonse, nkuwagaŵa ku malaibulale a anthu onse. Ntchitoyi njoyamikika, ndipo ikuonetsa poyera kuti njira yofikira woŵerenga wa mabuku otere ndi laibulale. Njirayo ikatsekedwa zaka 5, kusindikizanso kumasanduka kusamutsa buku kuchoka ku manda ena kupita ku ena.

Ife oŵerenga Chicheŵa nkhaniyi ikutikhudza. Mabuku monga Nthondo la Samuel Josia Ntara, la 1933, ndi ambiri amene anatuluka ndi thandizo la bungwe la boma losindikiza mabuku la Northern Rhodesia ndi Nyasaland, lokhazikitsidwa cha m'ma 1948, ndiwo maziko a zolembedwa zathu. Ambiri mwa iwo anasiya kusindikizidwa. Lamulo lokhazikitsa National Library Service ku Malaŵi ndi la 1967, ndipo Chicheŵa chinakhala chilankhulo cha dziko mu 1968. Zinthu ziŵirizi zinabadwa pafupifupi pamodzi, ndipo china chikafooka chinzake sichingalimbe.

5. Mau Otsiriza

Pepala lino likupempha zinthu zitatu. Choyamba, m'ndondomeko ya chuma ya laibulale iliyonse mukhale gawo loikidwa padera logulira mabuku a m'zilankhulo za m'deralo, losaloledwa kusamutsidwira ku ntchito ina. Chachiŵiri, malipoti a pachaka azionetsa mabuku ogulidwa ndi obwerekedwa malinga ndi chilankhulo, kuti kutayika kumene kukubisika tsopano kuoneke m'manambala. Chachitatu, ife akatswiri a zilankhulo, aliyense m'dziko lake, tilembe kaundula wa mabuku akale a m'zilankhulo zathu ndi malo amene akusungidwa, kuti amene atsala amodziamodzi ajambulidwe nthaŵi isanathe.

Laibulale ya ku Johannesburg inatsegulidwanso anthu atalankhula mokweza ndi mosaleka. Malaibulale ang'onoang'ono a m'maboma ndi m'makomboni alibe owalankhulira otere, chikhalirecho ndiwo ali pafupi ndi oŵerenga zilankhulo zathu. Udindo wowalankhulira uli pa ife amene timadya za zilankhulozo.