MADZI A UBATIZO NDI MAGAZI A M'KANEMA

Mwezi wathawu, nditatsiriza kuphunzitsa makolo ndi ankhoswe a ana oyembekeza Ubatizo, ndidakhala pansi madzulo aŵiri otsatana kuwonera zithunzi za kanema. Choyamba chinali Taken, cha chaka cha 2008. Chachiŵiri The Godfather, cha chaka cha 1972. Zonse ziŵiri nzodzaza ndi mfuti ndi mitembo, ndipo zonse zikusimba za munthu wopha anzake m'dzina la banja lake. China chidandiwombetsa m'manja, china chidandisoŵetsa tulo. Ine ndikuti chondisoŵetsa tulocho ndicho chopambana.

Mu Taken, Liam Neeson akuseŵera ngati Bryan Mills, bambo amene mwana wake wamkazi wabedwa ku Paris ndi zigaŵenga zogulitsa atsikana. Ndi kholo liti limene silingamve chisoni? Chithunzichi adachikonza mwaluso: chimathamanga, sichikupatsa mpata wopuma. Koma mpata wolingalira nawonso sichikupatsa. Mills akuzunza munthu ndi magetsi namsiya kuti afe. Akuwombera pa mkono mkazi wosalakwa, pofuna kuti mwamuna wake aulule zimene akudziŵa. Anthu akugwa ngati mapesi, popanda woŵalira, ndipo pamapeto pake bamboyo akubwerera kwao mtima uli mbee! Bodza la chithunzichi lagona pamenepa: chikutiphunzitsa kuti munthu angathe kukhetsa magazi iye mwini osasinthika konse.

The Godfather adakonza ndi Francis Ford Coppola, potsata buku la Mario Puzo la chaka cha 1969. Nkhani ikuyambira ku New York mu 1945, pa ukwati wa mwana wamkazi wa Vito Corleone, mkulu wa banja la zigaŵenga za Mafia, amene akuseŵeredwa ndi Marlon Brando. Mwana wake wamng'ono, Michael, woseŵeredwa ndi Al Pacino, ndi msilikali wongobwera kumene ku nkhondo, ndipo safuna kuloŵerera m'zochita za bambo wake. Adani atawombera Vito, Michael akupha anthu aŵiri m'nyumba yodyera, nathaŵira ku Sicily. Kuyambira pamenepo, tikupenya mtima wa munthu ukuuma pang'onopang'ono.

Pachimake pa chithunzichi ndi m'tchalitchi. Michael waima ngati nkhoswe pa Ubatizo wa mwana wa mlongo wake. Limba likulira, wansembe akupemphera m'Chilatini, kenaka akufunsa mafunso aja timaŵadziŵa tonsefe, okana Satana, ntchito zake ndi zonyenga zake. Michael akuyankha bwinobwino m'malo mwa khandalo. Koma pakati pa yankho ndi yankho, Coppola akutitulutsa panja, kumene anyamata a Michael akupha adani ake mmodzimmodzi, monga momwe iye adalamulira. Mwambo utatha, akuphetsanso Carlo, bambo wa mwana wobatizidwayo, chifukwa choti adapereka mkulu wake Sonny kwa adani. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ena amati pamenepa Coppola adanyoza Sakramenti. Ine sindikuwona choncho. Chikhala kuti mau a Ubatizo ngopanda kanthu, bwenzi kupha kumeneku kusakutinyansa chotere. Tikunyansidwa chifukwa tikudziŵa kulemera kwa lonjezo limene Michael akuliponda. Ndipo chithunzichi sichikumpatsa mphotho. Pomaliza akunamiza mkazi wake Kay, chitseko nkutsekeka pakati pao. M'gawo lachiŵiri, la 1974, akuphetsa mbale wake weniweni Fredo, natsala yekhayekha. Banja lija ankati akuliteteza walidya yekha.

Sindikubisa chilema chake. Zovala zokongola, nyimbo zokoma ndi ulemu umene anthu akupereka kwa Vito zingathe kukopa mnyamata mpaka kusirira moyo wa chigaŵenga. Nkofunika tsono kukumbuka Mafia yeniyeni. Pa 9 May 1993, ku Agrigento, Papa Yohane Paulo Wachiŵiri adadzudzula anthu a Mafia poyera, naŵachenjeza za chiweruzo cha Mulungu. Pa 15 September chaka chomwecho, iwo adawombera Bambo Pino Puglisi, wansembe wa ku Palermo amene ankachotsa ana m'manja mwao, tsiku lokumbukira kubadwa kwake. Eklezia adamtchula Wodala mu 2013. Ndipo mu 2014, ku Calabria, Papa Fransisko adanena kuti otsata njira ya Mafia adzichotsa mu umodzi ndi Mulungu ndi Mpingo. Mtetezi weniweni wa ana anali wansembe wopanda mfuti uja.

Makolo anzanga m'chikhulupiriro, zithunzi ziŵirizi si za ana aang'ono ai. Koma achinyamata athu akuwonera zotere tsiku ndi tsiku, m'nyumba za kanema za pa msika ndi pa mafoni. Kungoŵaletsa sikukwanira, m'mera mpoyamba. Khalani nawo pansi, ndipo chithunzi chikatha muŵafunse: kodi wophedwa uja anali munthu kapena chinthu chabe? Kodi wopha uja wataya chiyani? Chithunzi chosatha kuyankha mafunso ameneŵa nchoopsa, ngakhale magazi atachepa m'menemo.

Funso lotsiriza ndi lathu akuluakulu. Ambirife tidaimapo pafupi ndi madzi a Ubatizo, khanda lili m'manja, nkukana Satana mokweza mau. Sitidaphe munthu. Komabe mlandu wa malire a munda, chuma cha ana amasiye ndi chidani cha pa chibale tidazisiya panja pa tchalitchi zikutidikira, ndipo potuluka tidazinyamulanso. Pa Ubatizo wotsatira m'parishi mwanu, musanayankhe wansembe, yambani mwakumbuka chimene mwasiya pakhomo.