"Ambuye N'tengeni": Dzina Losayenera Kuseketsa

M'chaka cha 2024 anthu angapo a mumzinda wathu uno wa Blantyre adamwalira atamwa mowa wotchedwa "Ambuye n'tengeni", ndipo ena adagonekedwa ku chipatala cha Gulupu, kumene ife a ku Chitawira timapita wapansi. Mawu amenewa ndi pemphero la munthu amene ali pafupi kutsirizika. Koma ife tawasandutsa dzina la chakumwa, ndipo tikawamva timaseka. Kuseka kumeneku ndiko tiyenera kukuunika mofatsa.

Boma lidayesa mbali yake. Mu 2015 lidaletsa mowa wa m'masacheti, monga momwe dziko la Zambia lidaletsera tujilijili mu 2012, ndipo mu 2017 lidakhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse yokhudza mowa. Zimenezi nzoyamikika ndithu. Komabe lamulo lidangogwira chotengera, ludzu lidatsala pomwepo. Mowa udachoka m'timapepala nkulowa m'timabotolo, ndipo osowa ndalama adatembenukira ku zosakaniza zosadziwika gwero lake. Zakumwa zotere nthawi zina zimakhala ndi methanol, mankhwala amene akalowa m'thupi amasanduka poizoni wochititsa khungu, mwinanso kupha kumene.

Koma tisathamangire kuloza chala boma, pakuti cholakwa chachikulu chili m'makomo mwathu. Chidakwa akamadzandira pa ukwati kapena pa maliro timamuyesa wanthabwala. Akayamba kugulitsa ziwiya za m'nyumba timamuyesa wochimwa wosamva, nkumutsekera chitseko. Njira ziwiri zonsezi nzopepuka, chifukwa zimatimasula ku ntchito yomusamala. Chonsecho uchidakwa ndi matenda. Munthu amene thupi lake lazolowera mowa wa tsiku ndi tsiku akausiya mwadzidzidzi amanjenjemera, amatuluka thukuta, amaona zinthu zomwe palibe, nthawi zina amagwa ngati wakhunyu, ndipo angathe kufa. Nchifukwa chake kumukalipira kuti asiye lero lomwe sikokwanira. Wotereyu afunika dokotala, ndipo pambuyo pake afunika anthu omuyang'anira kwa miyezi yambiri, popeza kubwerera m'mbuyo kumachitika ngakhale kwa amene atsimikiza mtima.

Thandizo lilipo. Pa Gulupu pomwepa pali madokotala a matenda a maganizo. Ku Zomba kuli chipatala chachikulu cha boma cha matenda omwewo. Ndipo a chipani cha St John of God amathandiza anthu ogwidwa ndi mowa ndi chamba ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Chimene chimatitsekereza ndi manyazi. Mayi amabisa za mwamuna wake poopa kusekedwa ku mphakati, bambo amabisa za mwana wake poopa kutchedwa wolephera kulera, mpaka tsiku lomwe uthenga wa maliro uulula zonse.

Kodi si zodabwitsa kuti timasonkha msanga ndalama za bokosi, koma sitisonkha zoyendera kuti mnyamata yemweyo akaonane ndi dokotala akadali moyo? Akuluakulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Tiyeni tsono pa msonkhano wa mphakati wa mwezi uno tifunsane mwaulemu ndi mwachinsinsi kuti ndi banja liti likulira mwakachetechete, ndipo ndani mwa ife adzaliperekeza ku chipatala.