Mtengo wokhota ndi dzanja lophonya

"Kuwongola mtengo mpoyamba." Mwambi umenewu umamveka ngakhale pabwalo la zamasewero kuno ku Nsambe, mtsikana wa ntchemberembaye akamangophonya zigoli. Oonerera amaunena ngati chigamulo: uyu basi, anakhota kale.

Komatu mwambiwu ukuyamba ndi ntchito, kuwongola, ndipo ntchito imafuna woigwira. Sukudzudzula mtengo ayi. Ukulankhula ndi munthu amene waima pambali pa mtengowo, kumuuza kuti asachedwe. Tikamaunena kwa mwana wophonya uja timautembenuza, mlandu wa mphunzitsi n'kuusenzetsa wophunzira.

Nanga poyambapo ndi liti? Mwambi sukutchula zaka. Mwana wa kumapiri a Neno atha kufika zaka 18 asanakumane ndi kochi womuuza poponda phazi ndi poika chigongono. Ine ndimaona kuti poyamba pake ndi tsiku lokumana ndi kochiyo.

Ku America mkangano womwewu ulipo pa quarterback, wosewera wa American football amene amaponyera anzake mpira ndi dzanja. Akatswiri ambiri ankakhulupirira kuti wophonya ku koleji adzaphonyabe mu ligi yaikulu ya NFL. Josh Allen, mwana wa mlimi wa ku Firebaugh ku California, ali pa yunivesite ya Wyoming ankafikitsa mipira 56 yokha pa 100 iliyonse. Timu ya Buffalo Bills inamutengabe mu 2018, ndipo chaka chimenecho anatsika kufika pa 53. Mu 2019 anakwera pang'ono kufika pa 59, kenaka mu 2020 anadumpha kufika pa 69. Mphamvu ya mkono anali nayo kale. Chomwe anakonza, mothandizidwa ndi mphunzitsi Jordan Palmer, ndi kapondedwe ka mapazi ndi kazungulidwe ka chiuno poponya. Tisaiwalenso kuti mu 2020 momwemo timu inamubweretsera Stefon Diggs, katswiri wowakha mipira. Mphoto ya wosewera wopambana onse mu ligi ya 2024 inapita kwa Allen.

Apa mwambi uja ukuperewera, chifukwa umaona kukhota konse ngati kofanana. Kuphonya kochokera m'mapazi kumakonzeka ngakhale munthu atakula. Kochokera m'kuchedwa kuona mnzako amene ali pabwino kumavuta kwambiri, ndipo woonerera sangasiyanitse ziwirizi ali kunja kwa bwalo.

Sindikuutaya mwambiwu, chifukwa chenjezo lake n'loona. Quarterback wina, Jake Locker, ankafikitsa mipira 54 pa 100 ku yunivesite ya Washington. Timu ya Tennessee Titans inamutenga mu 2011 ndi chiyembekezo chomwecho, koma kuphonya sikunathe, kuvulala kunamuchulukira, ndipo mu 2015 anasiya kusewera ali ndi zaka 26. Buffalo Bills inapirira ndi Allen kwa zaka ziwiri akuphonya pamaso pa anthu masauzande, kuleza mtima kumene matimu ambiri alibe.